Mwana Wobadwa Masiku Osakwana

Ife amene takalamba tikugwira choko timawazindikira ana awa, ngakhale makolo satiuza msanga. Mwana akabadwa mimba isanakwane masabata 37, amafika mapapo ndi ubongo zisanakhwime, ndipo kuzizira kokha kungathe kumuchotsa. Mu 1978 madokotala a ku Bogotá, m'dziko la Colombia, anayamba kugoneka khanda lotere pachifuwa cha mayi ake, khungu kukhudza khungu. Njira ya kangaru imeneyi ikupulumutsa makanda ambiri m'zipatala zathu.

Koma kupulumuka ndi chiyambi chabe. Kumudzi timayamba kunong'onezana kuti mwana wa uje wachedwa kukhala, wachedwa kuyenda. Tikumbukire kuti wobadwa kutatsala miyezi 2, akakwanitsa miyezi 6, thupi lake lili pa miyezi 4. Tiziwerenga motero kufikira atakwana zaka 2.

M'kalasi ena mwa iwo sakhazikika, ena saona bwino pa bolodi, ena samva msanga. Tisathamangire ndodo. Tiyambe tawapimitsa maso ndi makutu, tiwakhazike kutsogolo, tiwabwerezere phunziro mofatsa. Inu makolo, uzani aphunzitsi mmene mwanayo anabadwira. Palibe chochititsa manyazi. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.