Kuchotsa Mkuwa M'mwala: Ntchito ya Fakitale ya pa Mgodi

Mwala wotuluka mu mgodi sukhala mkuwa weniweni. M'migodi yambiri ya ku Zambia, tani imodzi ya miyala imakhala ndi mkuwa wa makilogalamu 5 mpaka 30 okha, ndipo chotsalacho ndi mwala wachabe. Ntchito ya fakitale ya pa mgodi, imene amisiri amaitcha concentrator, ndi kulekanitsa ziwirizi, monga mmene mayi amakonolera chimanga ndi kupeta gaga kuti atsale ndi mphale. Lamulo lalikulu pa ntchitoyi ndi lakuti mwala ndiwo umasankha makina. Fakitale yomangidwa mosaudziwa mwala wake imadya ndalama, mkuwa n'kumapita ku dzala.

Ntchito imayambira pophwanya. Malole amakhuthula miyala, ina yaikulu ngati nkhokwe yaing'ono, m'kamwa mwa crusher, makina a nsagwada zachitsulo amene amaiswa mpaka kutsala zidutswa zonyamulika ndi manja. Kuchokera apo lamba amazikoka kukaziunjika pa mulu waukulu. Muluwo ndiwo nkhokwe ya fakitale, chifukwa ntchito ikaima kumgodi, zigayo zimadyabe za pamulupo. Pamwamba pa lamba pamapachikidwa maginito otola zitsulo zosokera, monga mano othyoka a makina okumbira, zimene zingang'ambe lamba kapena kutsamwitsa makina.

Kenako miyala imalowa m'zigayo. Chigayo cha pa mgodi ndi mgolo waukulu wozungulira, wogona chopingasa, mmene miyala, madzi ndi mipira yachitsulo zimagubuduzika pamodzi. Chigayo choyamba chimaswa, chachiwiri chimapera mpaka mwala utasanduka phala losalala kuposa mchenga wa kumtsinje. Phalalo limaponyedwa ndi pampu mu cyclone, chipangizo chooneka ngati fanelo, chimene chimabweza misere ku chigayo ndi kulola zosalala zokha kupitirira. Gawoli ndilo limadya magetsi ambiri m'fakitale yonse, n'chifukwa chake kuuma kwa mwala kumayesedwa zigayo zisanagulidwe, motsata njira imene Fred Bond wa ku America anaifotokoza mu 1952. Woyendetsa chigayo wozolowera amachidziwa ndi khutu. Chikadzaza mopyola chimalira mogonthera, chikakhala ndi njala mipira imamenya zitsulo za m'kati mosokosa, ndipo apo ndiye kuti makina akudzidya okha.

Mtima wa fakitale uli pa matanki oyandamitsira. M'phala muja amathiramo laimu, mankhwala a xanthate amene amamatirira ku timbewu ta mkuwa n'kutichititsa kukana madzi, ndi mankhwala ena obweretsa thovu. Mpweya ukauziridwa pansi pa thanki, timbewuto timakakamira ku thovu n'kukwera pamwamba, mwala wachabe n'kutsalira pansi. Thovulo limasefukira m'ngalande, kenako limayeretsedwa kawiri kapena katatu m'matanki ena. Mmisiri wa pamenepa amagwira ntchito ndi maso. Thovu la mwala wa mkuwa wotchedwa chalcopyrite limawala ngati golide wobiriwirako, la bornite limadera mofiirira, ndipo thovu lotuwa losweka msanga limasonyeza kuti mankhwala achepa kapena mwala wasintha. Amatunga phala pang'ono m'mbale, kulitsukuluza ndi madzi, ndi kuyang'ana ngati zotayidwa zikadali ndi timbewu tonyezimira. Chotuluka pa gawoli chimakhala ndi mkuwa wa magawo 25 mpaka 30 pa 100 alionse, nthawi zina kuposerapo. Chimadikhitsidwa m'thanki yaikulu yozungulira, chimafinyidwa madzi, kenako chimatumizidwa ku ng'anjo monga za ku Mufulira, Chingola ndi Chambishi.

Si mwala uliwonse umene umamvera thovu. Wa pafupi ndi nthaka, monga mwala wobiriwira wotchedwa malachite, umasungunulidwa ndi asidi. Madzi a mkuwawo amayeretsedwa ndi mankhwala ena, ndipo magetsi amaunjika mkuwa pa malata mpaka kupanga zigamba za mkuwa woyera. Ku Nchanga, m'tauni ya Chingola, njirayi inayamba mu 1974 pofuna kupulumutsa mkuwa wotsalira m'zotayidwa. Mgodi wa Kansanshi ku Solwezi uli ndi miyala ya mitundu itatu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi njira yakeyake m'fakitale.

Pa chifukwa chimenechi, mapulani a fakitale amayambira ku labotale. Mainjiniya amatenga miyala yobooledwa m'mbali zosiyanasiyana za mgodi, kuipera, kuiyandamitsa ndi kuiviika mu asidi, kenako n'kujambula njira yonse imene mwala udzayende. Womanga wanzeru amakonda malo otsetsereka kuti phala liziyenda lokha. Pa malo ofunika amaika mapampu awiriawiri, kuti imodzi ikafa inzake iyambe pomwepo. Amasiya mpata woti kireni ifike pa chigayo posintha zitsulo zakutha, ndipo pansi amapendeketsa simenti kuti phala lotayika litsikire m'dzenje n'kubwezedwa m'makina. Zinthu zimenezi zimaoneka zazing'ono pa pepala, koma wokonza makina pakati pa usiku ndiye amadziwa kulemera kwake.

Gawo lomaliza ndi damu la zotayidwa, kumene kumapita pafupifupi mwala wonse umene unalowa m'fakitale. Matope amadikha, madzi a pamwamba n'kubwezedwa ku zigayo. Damuli limafuna malo olimba, ngalande zabwino ndi kuliyendera kosalekeza, makamaka nthawi ya dzinja. Pa 25 September 1970, matope otayidwa pamwamba pa mgodi wa Mufulira anabowola nthaka n'kulowa pansi, ndipo anthu 89 anafa. Makina a fakitale amatha kuzulidwa mgodi ukatsekedwa, koma damu limatsala pakati pa midzi ndi mitsinje, ndipo chisamaliro chake chimayenera kulembedwa m'mapulani kuyambira tsiku loyamba.