Ahedi Apita Kuchikamwini

Mphunzitsi wa kumudzi amakalamba m'nyumba za eni. Ndikunena zimene ndidaziona ndi maso, poti ine ndine mwana wa mphunzitsi, ndipo pofika chaka chimene ndidalemba mayeso a Sitandade 8 ndidali nditagona m'nyumba za sukulu zisanu, zonsezo m'chigwa cha Phalombe, pakati pa phiri la Michesi ndi nyanja ya Chilwa. Nyumbazo zidali zofanana ngati ana a mimba imodzi: zipinda ziwiri, pabalaza, khitchini lakunja lodetsedwa ndi mwaye, ndi denga lodontha. Kalata yosamutsa bambo ikangofika tinkamanga mitolo, lole ikabwera n'kukweza mtondo, nkhuku ndi bokosi la mabuku. Amayi ankabzala mapapaya paliponse pamene tafika, koma mango ankakana. Ankati mango amabzala ndi munthu amene akudziwa kumene adzakalambire.

Bambo adayamba ntchito ndi satifiketi ya T3, imene ankapatsa munthu wolowa kukoleji ya uphunzitsi ndi JC. Wolowa ndi satifiketi ya Fomu 4 ankatuluka ndi T2, ndipo malipiro ake ankaposerapo. Tsono atafika pakati pa moyo wao, ana titakwana anayi, bambo adalembetsa ku Malawi Correspondence College. Maphunziro ankabwera pa positi, iwo n'kumawerenga usiku pa nyali ya koloboyi atatha kuchonga makope a ana a eni. Adakhoza, ndipo patapita zaka zingapo adawapatsa uhedi. Masiku amenewo Phalombe idali mbali ya boma la Mulanje, poti idadzakhala boma palokha mu 1998. Choncho nkhani iliyonse ya ofesi inkatanthauza kupalasa njinga kuzungulira phiri, kudutsa pa Likhubula mpaka pa Chitakale, n'kubwerera dzuwa litalowa, buluku lili mbuu ndi fumbi.

Ndalama zidali zochepa, koma ulemu udalipo. Amayi amene amuna ao adali ku Joni ankabwera madzulo kuti Ahedi awawerengere kalata ndi kuwalembera yankho. Pa maliro ankawapatsa mpando pafupi ndi nyakwawa. Ngakhale amayi anga ankawaitana kuti "Aphunzitsi", ndipo akawakwiyira ndiye ankalitchula dzinalo mokoka.

Bambo sankamwa mowa, mpira sankautsata, bawo ankangoonerera. Chimene ankakonda ndi mvula. Pa sukulu iliyonse ankazika mtengo pabwalo n'kumangirirapo chitini, ndipo m'mawa uliwonse wa dzinja, belu lisanalire, ankapisamo lula n'kulemba m'kope kuchuluka kwa madzi. Masamu a ophatikiza ndi ogawa ana ao ankaphunzirira pa manambala amenewo. Ankakonda kusimba za chaka cha 1968 pamene nyanja ya Chilwa idauma, anthu n'kumayenda pansi pamene pankadutsa mabwato, matemba n'kusowa m'misika. Ankati munthu wokhala m'chigwa chino akapanda kuidziwa mvula ndiye kuti sadziwa mfumu yake.

Zaka zitatu zotsatizana zidawasintha bambo, ndipo ndimakhulupirira kuti ukalamba wao udayambira pamenepo.

Mu 1989 boma la Dr Banda lidalamula kuti aphunzitsi abwerere ku zigawo za kwao. Pa sukulu pathu padali mphunzitsi wa masamu wochokera kumpoto, mnzao wa bambo wa ponda apa nane mpondepo, yemwe adakwatira mkazi wa konkuno. Bambo adamthandiza kukweza katundu pa lole osanena kanthu, pakuti masiku amenewo ngakhale makoma adali ndi makutu. Atalowa m'nyumba adakana nsima. Kuyambira sabata yotsatira adasenza okha masamu a Sitandade 8 pamwamba pa ntchito ya uhedi.

Nthawi yomweyonso nkhondo idali itakula ku Mozambique, ndipo anthu othawa adadzaza madera a m'malire monga ku Chiringa. Ana ena a anthu amenewa adafika pa sukulu pathu osadziwa Chichewa chokwanira kupempha madzi akumwa. Tsiku lina ndidamva bambo atagwada pafupi ndi kamtsikana kolira, akukayankhula m'Chilomwe chosadodoma. Ndidaima kakasi. Ndinkadziwa kuti ndife Alomwe, koma m'nyumba mwathu chiyankhulocho chinkamveka pokhapokha agogo akabwera, ndipo chinkanenedwa chapansipansi ngati nkhani ya ngongole.

Inu anzanga amene mudabadwa chilichonse chitayera mungadabwe kuti munthu angabise bwanji chiyankhulo cha amake. Makolo athu adalowa m'dziko muno kuchokera kummawa, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ndipo ambiri adafikira m'maesiteti a tiyi ndi fodya kukagwira thangata. Eni dziko adawatcha Anguru, dzina lonyoza, mpaka m'zaka za m'ma 1940 pamene Lewis Bandawe ndi anzake adalimbana ndi boma la atsamunda kuti dzinalo lisiyidwe. Dzina lidasiyidwa m'mapepala, koma manyazi adatsala m'mitima. Mu 1968 Chichewa chitakhala chiyankhulo cha fuko, bambo adachiphunzitsa ndi mtima wonse. Buku la John Gwengwe la Kukula ndi Mwambo ankalidziwa ngati chikhatho chao. Sindidawamvepo akudandaula za Chichewa. Chimene chidawapweteka tsiku limene lija n'chakuti ana ao anayi tidaimirira pomwepo osamva liwu ndi limodzi lomwe la zimene ankanena.

Kenaka mu Malichi 1991 Napolo adatsika m'phiri la Michesi. Amene mudawerenga ndakatulo za Steve Chimombo mumamdziwa Napolo wa m'buku, ndipo akuluakulu a ku Zomba ankasimba za wa 1946. Wathu adabwera ndi miyala yaikulu ngati nyumba, mitengo yozuka ndi mizu yomwe, ndi matope amene adakwirira midzi, milatho ndi minda. Anthu mazanamazana adafa, ambiri osapezeka n'komwe mitembo yao. M'kope la mvula la bambo, pa masiku amenewo palibe nambala. Adangolemba kuti chitini chasefukira. Sukulu itatsekulidwanso adatenga rejisitala naitana maina monga mwa masiku onse, ndipo maina ena sadayankhidwe. Lamulo lidali loti mwana wosiya sukulu dzina lake lidulidwe ndi mzere wofiira. Bambo adakana kudula. Ankangoika kadontho pambali pa dzina, m'mawa uliwonse, mpaka chaka chidatha.

Pamene boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ya ku pulayimale mu 1994, bambo adakondwa kuposa aliyense, chifukwa kwa zaka zambiri idali ntchito yao kuimirira pa khomo la kalasi ndi kubweza ana amene makolo ao alephera kulipira. Koma chimwemwecho chidabwera ndi katundu wake. M'dziko lonse chiwerengero cha ana a pulayimale chidalumpha kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni n'kupitirira. Pa sukulu pao Sitandade 1 idasefukira pansi pa mitengo, bolodi atalikoleka pa nthambi. Adawatumizira anyamata ndi atsikana ongomaliza sekondale, ophunzitsidwa masabata owerengeka chabe, ndipo bambo ankakhala nao madzulo kuwaonetsa kalembedwe ka sikimu ndi kagwiridwe ka choko. Chaka chomwecho kwacha idagwa mphamvu, malipiro amene kale ankafika kumapeto kwa mwezi n'kumathera pakati.

Kalata yopuma pa ntchito idawapeza ali m'kati mwa chipwirikiti chimenechi, atakwanitsa zaka 55. M'kalatamo mudalinso tsiku loti atuluke m'nyumba ya sukulu. Apa ndi pamene funso limene adalizemba zaka makumi atatu lidawaimirira pakhomo: apite kuti? Kwathu kuno mwambo ndi wa chikamwini. Munda ndi malo zimayenda m'mbumba ya akazi, mwamuna amakakhala kwa mkazi wake. Kumudzi kwa bambo malo adali a alongo ao ndi ana ao. Bambo chikwatirire adali asadakhalepo pa chikamwini, poti adangomtenga mkazi n'kumayenda naye m'nyumba za sukulu. Tsono munthu amene ankaliza belu mudzi wonse n'kumvera adavala jekete napita kukagwada kwa mwinimbumba, mlongo wao wa amayi, munthu amene iwo eni adamphunzitsa alifabeti ndi kumkwapulapo kangapo.

"Alamu," adatero bambo, "ntchito yatha. Ndabwera kudzapempha pokhala."

Malume adayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka adati, "Aphunzitsi, musagwade, mukundichititsa manyazi. Malo alipo, ndi a mlongo wangayu. Inu mangani, koma mukudziwa mwambo."

Bambo adaudziwa mwambowo. Nyumba imene akamange idzakhala ya amayi ndi ana ao aakazi.

Ndalama za penshoni zidachedwa kupitirira chaka. Bambo adayenda maulendo ambiri kupita ku ofesi ina mumzinda, n'kumauzidwa kuti failo yao sikuoneka, abwerenso mwezi wamawa. Tsiku lina kalaliki amene adawauza zimenezo adali mnyamata wa msinkhu wa mwana wao, ndipo adawayankha osadzutsa nkhope. Podikira ndalamazo adakhala m'kanyumba kaudzu ka agogo, naumba okha njerwa m'mphepete mwa dambo. Tsiku lootcha uvuni kudabwera amuna asanu ndi mmodzi amene adawaphunzitsa kale, wina wopala matabwa, wina wogulitsa nsomba pa Migowi, nachezera usiku wonse kusonkhezera moto. Ndalama zitafika mitengo ya zinthu idali itakwera, mwakuti malata amene adawerengera m'kope sadakwane. Chipinda chimodzi chidafoleredwa ndi udzu kwa zaka zina zinayi.

Pa ulimi bambo adali mbuli, ndipo amayi sadawabisire. Wolamula pa munda wa chimanga, nandolo ndi mpendadzuwa adali amayi. Bambo ankangotsatira ndi khasu, akumafunsa mafunso ngati mwana wa Sitandade 2. Alamu ao ankaseka mizere yao yoongoka ngati ya m'kope, imene inkawatengera tsiku lonse. Kwa miyezi ingapo ankadzukabe m'mamawa, kumeta ndevu, kuvala tayi, n'kukhala pakhonde akumvetsera belu la sukulu ya kutsidya. Ndinkaopa kuti afa ndi kusowa chochita, monga amafera ambiri opuma pa ntchito.

Chidawapulumutsa ndi makope otsala. Adayamba kukhala pansi ndi agogo aakazi a m'mudzimo pamene akusenda nandolo kapena kuphika kalongonda, n'kumawafunsa maina a zinthu m'Chilomwe: ziwiya, mitengo, mitundu ya mvula, mau a pa chinamwali amene amaloledwa kunenedwa poyera. Ankalemba liwu, tanthauzo lake m'Chichewa, ndi mtundu wa amene walinena, kaya ndi Amihavani, Amanyawa kapena Atakhwani, poti adapeza kuti Chilomwe sichimodzi. Agogowo ankawaseka akalakwitsa katchulidwe, n'kuwabwerezetsa katatu. Bambo ankabwera kunyumba akusekerera kuti lero Ahedi alephera mayeso. Tayi adaisiya osazindikira. Pamene gulu la Mulhako wa Alhomwe lidakhazikitsidwa mu 2008, anthu n'kuyamba kuvina tchopa poyera pa Chonde, bambo adali atadzaza kale makope asanu ndi awiri. Adakondwa kumva achinyamata akudzitchula Alomwe mosachita manyazi, koma ankati chiyankhulo chimakhala ndi moyo pa mtondo ndi pa chitsime, pamene mayi akukalipira mwana wake. Nchifukwa chake madzulo ankasonkhanitsa zidzukulu pakhonde, wokhoza mau khumi n'kumpatsa nzimbe.

Ambiri a inu amene mukuwerenga tsamba lino mudzagwira choko, ena mukuchigwira kale. Timaphunzitsidwa kukonzekera phunziro la mawa, koma za tsiku limene adzatilande kiyi wa ofesi palibe amatiuza. Bambo anga adaphunzitsa ana zikwi zingapo kuwerenga, komabe pa zaka 55 adalibe khomo loti n'kutseka okha. Sadali munthu wosasamala. Ntchito yake ndiyo idali yotero: imakupatsa nyumba, dzina ndi mpando, zonse zobwereka, n'kudzazitenga tsiku limodzi.

Atamwalira, adzukulu a kwao kwa bambo adabwera kudzatenga thupi monga mwa mwambo, kuti akagone pafupi ndi mai ao. Malume, atakalamba nawonso, adapempha kuti Aphunzitsi aikidwe pamudzi pamene adamanga. Akuluakulu a mbali ziwirizo adakambirana usiku wonse, ndipo mwambo udapambana. Tidawanyamula kupita kumudzi kumene adachokako ali mnyamata, anthu a midzi ya sukulu zisanu zija akutsatira pambuyo pa njinga ndi pansi.

Nyumba idatsala kwa mlongo wanga, pamodzi ndi makope. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mapiri a Mulanje ndi Phalombe kachiwiri, madzi adalowa m'nyumbamo kufika m'mawondo. Mlongo wanga asadathawe ndi ana adakulunga makopewo m'thumba la feteleza nalimangirira ku denga. Adapulumuka onse khumi ndi anayi, asanu a mvula ndi asanu ndi anayi a mau. Mwana wake wamkazi, amene ali Fomu 2, wayamba kuwakopera m'makope atsopano chifukwa inki ikufufutika, ndipo akakumana ndi liwu losawerengeka amapita kukafunsa agogo awiri amene atsala m'mudzimo.