Madzi achikasu amene anandionetsa bala la m'matumbo

M'mawa uliwonse ndikamadutsa pa chipatala cha Bwaila kuno ku Old Town, ndimakumana ndi amayi atabereka ana kupita kusikelo. Ena mwa anawo phala akudya, nsima akudya, koma msinkhu suyenda. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, 37 anali opinimbira. Ine ndinkangoti ndi njala basi.

Mwezi watha mwana wa mchemwali wanga, yemwe amagwira ntchito mu labotale ina ya kafukufuku, ananditenga kuti ndikaone ntchito yake. Pathebulo panali kambale ka pulasitiki kakakulu ngati chikhatho, kokhala ndi timaenje 96.

"Amalume, khalani apa. Lero muona matumbo a mwana popanda kumung'amba."

Anandifotokozera mofatsa. M'kati mwa matumbo aang'ono muli timinofu tosongoka ngati tizala, timene timayamwa chakudya. Maselo a kunsonga kwa tizalato amasunga puloteni yotchedwa I-FABP, yomwe imanyamula mafuta a m'chakudya m'kati mwa selo. Selo likakhala labwinobwino, puloteniyo imakhala m'menemo. Likavulala, imatayikira m'magazi, ndipo impso zimaichotsa mofulumira kwambiri. Choncho ikapezeka yambiri m'magazi, ndiye kuti matumbo akuonongeka nthawi yomweyo.

Nanga kanthu kosaoneka ndi maso ungakapeze bwanji m'dontho la magazi? Apa ndi pamene ndinagwira pakamwa. Akatswiri amabaya kalulu kapena mbewa ndi puloteniyi, thupi la nyamayo n'kupanga ma antibody, asilikali odziwa mdani mmodzi yekhayo. Mu 1975, Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge anatulukira njira yochulukitsira mtundu umodzi wa asilikaliwa mosalekeza. Asilikali oterewa ndi amene amamatidwa pansi pa timaenje tija. Mukathiramo madzi a m'magazi, amagwira I-FABP yokha, zina zonse n'kutsukidwa. Kenako mumathira asilikali ena omwe amaigwira pamwamba atanyamula mankhwala osintha mtundu wa madzi. Njirayi amaitcha ELISA.

Kuthira, kudikira, kutsuka, kuthiranso. Zinatenga maola angapo. Nditayamba kuyang'ana wotchi, mwanayo anaseka: "Kuona maso a nkhono n'kudekha, amalume."

Kenako madzi oyera aja anayamba kubiriwira ndikuona. Atadonthetsera asidi, kambale konse kanasanduka kachikasu, maenje ena otuwa ngati madzi a mandimu, ena okhathamira ngati yolika ya dzira la nkhuku yakumudzi. Dzenje lachikasu kwambiri linali la mwana yemwe matumbo ake anali ndi bala. Ndinaliyang'anitsitsa nthawi yaitali, mtima uli thithithi, ndikuganiza za ana a kusikelo aja. Sindinaonepo chinthu chokongola ndi chomvetsa chisoni pamodzi chotere.

Vuto la matumboli si lachilendo kwa ofufuza a kuno. Mwana akamameza tizilombo ta m'dothi ndi m'madzi tsiku ndi tsiku, tizala tija timafupika ndipo chakudya chimadutsa osayamwidwa mokwanira, ngakhale mwanayo asakutsegula m'mimba. Mark Manary ndi Kenneth Maleta analifufuza m'midzi ya kum'mwera kwa Malawi pomwetsa ana madzi a shuga wapadera n'kuyeza mkodzo wawo. Ku Lusaka, Paul Kelly walilondola kwa zaka zambiri pakati pa anthu a ku Misisi.

Mwana wa mchemwali wangayo sanandibisire malire ake. Pabokosi la ma antibody palembedwa kuti ndi a kafukufuku wokha, dokotala sangayezere nawo wodwala. Amachokera kunja, ndi odula, ndipo amafunika kukhala mu fuliji. Komanso ku Zimbabwe ofufuza anapeza I-FABP yokwera mwa makanda opinimbira ndi osapinimbira omwe, kusonyeza kuti nambala imodziyi siimaliza nkhani yonse. Kunena mosapsatira kumeneku kunandichititsa kuikhulupirira kwambiri ntchitoyi.

Ndinabwerera kunyumba kudzera mumsika waukulu, ndikuona ana akukwawa pansi pambali pa amayi awo ogulitsa tomato, tizala tili m'kamwa.

Inu apongozi ndi achibale, mwana akamapanda kukwera pasikelo, musathamangire kukalipira mayi wake kuti sakumudyetsa. Pitani naye kuchipatala, ndipo muonenso madzi amene akumwa ndi pamene akukwawa.