Wilcannia, Tauni Yodalira Mtsinje

Amayi anzanga, lero tiyeni tichoke pang'ono pa mtondo ndi pa mafuwa, tipite ku Australia, mkati mwenimweni mwa dzikolo, kumene mvula imagwa mwa apo ndi apo. Kumeneko kuli tauni yaing'ono yotchedwa Wilcannia, m'chigawo cha New South Wales, m'mbali mwa mtsinje wa Darling.

Mukanyamuka ku Broken Hill pa galimoto, mumayenda makilomita pafupifupi 200 kulowera kum'mawa. Njira yonseyo mumangoona dothi lofiira ndi zitsamba zazifupi. Midzi palibe, koma nkhosa, mbuzi, kangaroo ndi emu, mbalame yonga nthiwatiwa. Mukaona mzere wa mitengo ya bulugamu patsogolo panu, dziwani kuti mwafika pa mtsinje. Paja bulugamu amene timadzala kwathu kuno anachokera ku Australia komweko.

Chimene chidzayamba kukudabwitsani ndi nyumba zake. Tauni ya anthu osakwana 800 ili ndi positi ofesi, khoti ndi polisi zomangidwa ndi miyala yosema cha m'ma 1880, zokongola ngati za mumzinda waukulu. Kodi chuma chotere chinachokera kuti? Chinabwera ndi mtsinje. Tauniyi inakhazikitsidwa mu 1866, ndipo sitima za pamadzi zoyendera nthunzi zinkafika pano kudzatenga ubweya wa nkhosa ndi kutsitsa ufa, tiyi ndi shuga. Mlatho wakale, womangidwa mu 1896, unali ndi chigawo cha pakati chimene ankachikweza m'mwamba kuti sitima zidutse. Mlathowo ulipobe, koma sitima zinaleka kalekale. Njanji inadzera kwina, ku Bourke mu 1885 ndi ku Menindee pambuyo pake, ndipo amalonda anatsatira njanjiyo.

Amene sanachoke ndi eni nthaka, anthu a mtundu wa Barkindji, omwe lero ndiwo ambiri m'tauniyi. Iwo mtsinjewu amautcha Baaka, ndipo dzina la mtundu wawo limatanthauza anthu a mtsinjewo. Makolo awo ankagwira nsomba pano zaka zikwizikwi Azungu asanafike. Mu 2015, atadikira zaka 18, khoti linavomereza kuti dera lalikulu la kuno ndi la makolo awo. Komatu chigamulo cha khoti sichidzaza mtsinje.

Akuluakulu amati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Pa chilala cha 2018 ndi 2019 mtsinjewu unaphwa pa Wilcannia, mpaka ana ankayenda pansi pamene kale pankadutsa sitima. Kumunsi kwake, ku Menindee, nsomba zinafa miyandamiyanda. Anthu anadalira madzi a m'mijigo ndi a m'mabotolo. Chilala sichinali chokha cholakwa: kumtunda, kutali kwambiri, alimi akuluakulu a thonje amapatutsa madzi ochuluka n'kuwasunga m'madamu awo othirira, ndipo a Barkindji akhala akudandaula kuti a kumunsi amangotsala ndi matope. Inu amene mumadziwa kulemera kwa ndowa pamutu, mungathe kumva chisoni cha mayi amene akusambitsa mwana ndi madzi owerengeka, mtsinje uli pakhomo pake.

Madzi saiwala khwawa. Mu 2020 mtsinje unayambanso kuyenda, ndipo mu 2022 unasefukira. Koma funso la amene ayenera kumwa poyamba, munthu kapena munda wa thonje, silinathe.

Tsono ngati mwayi udzakufikitsani kumeneko, musadzangojambula nyumba za miyala n'kumapita. Mudzatsike pa galimoto, mudzagule kanthu m'sitolo, mudzapereke moni kwa eni mudzi, ndipo mudzaime pa mlatho wakale uja n'kuyang'ana pansi. Mukadzapeza madzi akuyenda, ndiye kuti mwapeza Wilcannia ali moyo.