Tiana ta Saulosi mu Mzinda wa Durban

Kwa munthu wobadwira m'mbali mwa Nyanja ya Malawi, nsomba ndi ndiwo. Chambo, utaka, usipa ndi kampango zili ndi mtengo wake padoko, pamene mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'matanthwe, timasiyidwira ana ophunzira kuwedza. N'chifukwa chake anzake a telala wina wa ku Chizumulu, amene wakhala zaka zambiri ku Overport mu mzinda wa Durban, amapukusa mitu akamupeza atawerama pathanki yagalasi, akudyetsa nsomba zoti sadzazidya, zotinso ngakhale atazikazinga sizingathe mtanda umodzi wa nsima.

Nsomba zakezo si wamba. Akatswiri amazitcha Chindongo saulosi, ndipo m'chilengedwe zimapezeka pamalo amodzi okha, pamatanthwe apansi pamadzi a Taiwanee Reef, kufupi ndi kwawo kwa telalayo. Ad Konings anazipatsa dzina lakuti saulosi mu 1990 polemekeza Saulos Mwale, katswiri wotibira amene ankagwira ntchito kwa Stuart Grant, wotumiza nsomba zamoyo kunja kuchokera ku Salima. Dzina la Mmalawi linalowa m'mabuku a sayansi, koma kutchukako kunadza ndi tsoka: ogula a kutsidya kwa nyanja anazikonda, ogwira anazikokolola, mpaka mu 2018 bungwe la IUCN linaziika m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu.

Kuswetsa saulosi sikuvuta kwenikweni. Yaimuna, yabuluu yamizere yakuda, imasesa kabwalo pakati pamiyala ndi kunjenjemera pamaso pa yaikazi, yomwe ndi yachikasu. Yaikazi ikaikira mazira imawatola msanga ndi pakamwa, kenaka imajompha timawanga tonga mazira tapachipsepse cha yaimuna, ndipo mbewu imakumana ndi mazirawo. Kwa masabata atatu mayiyo sadya kanthu. Amayendayenda pakhosi patatupa, akutembenuza mazira mkamwa kuti asawole, mimba ikulowa mkati tsiku ndi tsiku.

Chovuta ndicho kusunga tianato ndi moyo mumzinda umene madzi ake ndi achilendo. Madzi a m'mipopi ya ku Durban amachokera m'madamu a mtsinje wa uMngeni. Ali ndi klorini ndipo alibe mchere wa m'miyala wokwanira, pamene a m'Nyanja ya Malawi pH yake imakhala cha m'ma 8. Telalayo amathira mankhwala ochotsa klorini, amayala zigoba zankhono zosinja pansi pathanki, ndipo amasunga kutentha pamadigiri 25 kapena 26. Zonsezi zimadalira magetsi. M'chaka cha 2023, pamene kuzima kwa magetsi kunafika pachimake m'dziko la South Africa, usiku wa mu Julayi ankafunditsa thankiyo bulangete lake lomwe, n'kumatunga madzi ndi kapu ndi kuwatsanuliranso momwemo kuti alowe mpweya. Chigumula cha mu Epulo 2022 chinali chitamuphunzitsa kale kusunga madzi m'zigubu, pakuti mipopi itauma sanathe kusintha madzi, ndipo tiana tonse ta nthawi imeneyo tinafa pasanathe sabata.

Ambiri oswetsa nsomba zamalonda sadikira. Amamugwira mayiyo, kumukanula pakamwa ndi kamtengo kotokosera m'mano, n'kukhuthula tianato kuti iye ayambirenso kudya ndi kuikira msanga. Njirayi imapulumutsadi tiana tambiri, ndipo palibe chifukwa chowanenera zoipa oitsata. Koma iye amaikana. Amamusamutsira mayiyo m'kathanki kayekha masiku akayandikira, n'kudikira kuti alavule yekha, kaya tiana khumi, kaya khumi ndi tisanu. Mwina pali kuuma mutu pamenepa, komabe munthu woona nyama ikudzimana chakudya masiku 21 sangafulumire kuidula ntchito yake itatsala pang'ono kutha.

Tikatuluka timadya ufa wa ndere za spirulina, pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi patsiku. Mbuna zambiri ndi zokanda ndere pamiyala, ndipo chakudya chonona chimazitupitsa mimba mpaka kufa.

Pali chinthu china chimene sanyengerera: saulosi sasakaniza ndi mbuna zina. M'nyanja, madzi akuya amalekanitsa matanthwe ndipo mtundu uliwonse umakhala pawokha, koma m'galasi malire aja amatha, n'kubadwa makaladi okongola osadziwika mtundu. Akudziwa bwino kuti nsomba zake sizidzabwerera kunyanja. Zimene zinayamba kubwezeretsedwa ku Taiwanee Reef mu 2013 zinaswetsedwa ku Malawi komweko, ndipo nsomba ya m'nyumba ya ku Durban ingathe kupita ndi matenda. Akazigawira ena amangofuna lonjezo lakuti sadzazisakaniza.

Tiana tonse ta saulosi timabadwa tachikasu, tatimuna ndi tatikazi tomwe. Pakapita miyezi ingapo kamodzi kamayamba kuda m'mbali, mizere n'kumaonekera, ndipo tsiku limenelo telalayo amayamba kufunafuna thanki ina, chifukwa atate ake a kansombako salola wabuluu wachiwiri pabwalo lawo.