Magalasi a Malume

Chaka chomwe ndinalemba mayeso a Fomu 4, malume anga, omwe ndi msodzi ku Nkhotakota, anagula magalasi akuda pa kaunjika. Ankawakonda kwabasi chifukwa akawavala panyanja, kunyezimira kwa madzi kunkatha moti ankaona nsomba pansi.

Tsiku lina ndinabwereka foni yawo. Nditabweza, anaigwira chopingasa ali chivalire magalasi aja. Sikirini inali bii!

"Mphwanga, wandiphera foni," anatero mokalipa.

Ndinalumbira kuti sindinaiwononge koma palibe anandimvera. Amayi anali atayamba kale kuwerengera ndalama zolipira. Mwamwayi malume anavula magalasi kuti apukute thukuta, ndipo foni ija inapezeka ili bwinobwino. Onse anangoseka, koma ine chinandiwawa chifukwa palibe anandipepesa.

Yankho ndinalipeza kuno ku yunivesite. Kuwala kumayenda ngati mafunde: ena amagwedezeka choimirira, ena chopingasa. M'chaka cha 1808, Étienne-Louis Malus wa ku France anatulukira kuti kuwala kukawomba pagalasi la zenera n'kubwerera, mafunde ambiri amakhala a mbali imodzi. Pamadzi zimateronso, ndipo ochuluka amakhala opingasa. Patapita zaka zoposa 100, Edwin Land wa ku America anapanga kapulasitiki kopyapyala kolola mafunde a mbali imodzi okha kudutsa. Ndiko kanali m'magalasi a malume, n'kumatchinga kunyezimira kwa nyanja.

Sikirini ya LCD ili ndi timapulasitiki totere tiwiri, ndipo pakati pake pali timadzi tomwe timapotokola kuwala motsatira magetsi. Choncho kuwala kotuluka m'foni kumakhala kosefedwa kale. Malume ataipingasitsa, mafunde ake anapeza khomo la magalasi lili lotseka. Nzeru yomweyi ndi imene akatswiri amagwiritsa ntchito m'magalasi ena a VR: kuwala kochokera pa kasikirini kumabwezedwa uku ndi uku pakati pa malenzi kasanafike m'diso, motero chipangizocho chimakhala chopyapyala.

Patchuthi ndinayesa kuwalongosolera malume zonsezi, koma mawu oti polarization anandisowa m'Chichewa. Ndinachita chibwibwi mpaka iwo anandidula.

"Bwanji osangoti ndi ukonde wa kuwala? Zina zimakodwa, zina zimapulumuka malinga ndi maso a ukondewo."

Ndinasowa chonena. Mawu omwe ndinawasaka m'mabuku chaka chathunthu anali m'kamwa mwa munthu yemwe analekezera Sitandade 5. Atatero anandigwira paphewa nati, "Tsiku lija tinakulakwira, mphwanga. Pepa."