Kodi Tikusalira Allah Kapena Sikelo?

Masiku ano m'nyumba zambiri za kuno ku Area 11 mwalowa nkhani ya kuonda. Makolo athu ankati akaona munthu wanenepa ankamuyamikira kuti akupeza bwino, koma ife ana awo tayamba kuopa sikelo ya kuchipatala. Ndipo chifukwa chake chilipo. M'mawa timakwera galimoto pakhomo n'kukatsika ku Capital Hill kapena ku City Centre, kamtunda koti munthu n'kuyenda wapansi. Tsiku lonse limatha tili pampando. Lachisanu popita ku Jumu'ah ku mzikiti wa ku Old Town, ndi galimoto yomweyo. Patebulo napo pamakhala tiyi wothira shuga wambiri, buledi wopaka majarini, tchipisi, nsima ya ufa woyera ndi zakumwa za m'mabotolo.

Kafukufuku amene bungwe la MEIRU linachita ku Area 25 ndi ku Karonga, zotsatira zake n'kusindikizidwa m'chaka cha 2018, anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a m'tauni, 44 anali onenepa kupitirira muyeso, pamene mwa abambo anali 18. Kunenepa kotere kumabwera ndi anzake, omwe ndi nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Ndiye itafika pa mafoni athu njira yoondera imene Azungu amaitcha alternate-day fasting, yoti lero usadye, mawa udye, mkuja usadyenso, ambiri a ife tinasangalala. Tinati nanga si kusala kwa Mneneri Dawud (AS) kumeneku, kumene takhala tikukumva kwa mashehe athu kuyambira ku madrasa? Ifenso m'nyumba mwathu, mwamuna ndi mkazi, tinakhala pansi kukambirana ngati tingaphe mbalame ziwiri ndi mwala umodzi: kupeza malipiro kwa Allah ndiponso kuchepetsa mimba.

Choyamba chimene tinazindikira n'chakuti zinthu ziwirizi zimangofanana maonekedwe. Msilamu akamanga amadya daku, amasiya chakudya ndi madzi kuyambira m'bandakucha, ndipo amamasula dzuwa likalowa. Kuno kwathu amenewa ndi maola pafupifupi 13 kapena 14. Kusala kwa ofuna kuonda kumalola madzi tsiku lonse, koma chakudya chimasiyidwa mpaka maola 36, kapena munthu amangodya kagawo kochepa kwambiri pa tsikulo. Choncho amene wasala ngati Dawud n'kumasula ndi masamusa, mpunga wa mafuta ndi nyama yokazinga, asadabwe sikelo ikapanda kusuntha. Ndipo amene wamwa madzi masana asanene kuti wamanga.

Chachiwiri, tinafuna kudziwa zimene madokotala anapeza. M'chaka cha 2017 akatswiri a pa University of Illinois ku Chicago anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa chaka chathunthu pa anthu 100 onenepa kwambiri. Gulu lina linkadya gawo limodzi mwa magawo anayi a chakudya chofunika m'thupi pa tsiku losala, n'kudya moonjezerako mawa lake. Gulu lina silinkasala, koma linkangodya magawo atatu mwa anayi tsiku ndi tsiku. Gulu lachitatu silinasinthe kadyedwe. Chaka chitatha, osala aja anatsika ndi magawo 6 pa 100 a kulemera kwawo, ndipo ochepetsa chakudya anatsika ndi 5 ndi pang'ono, poyerekeza ndi gulu lachitatu lija. Kwa munthu wa makilogalamu 90, uku n'kutsika ndi makilogalamu pafupifupi 5 m'njira zonse ziwiri. Koma amene anathawa kafukufuku asanathe anachuluka kwa osala: 38 pa 100, pamene kwa anzawo anali 29. Komanso mafuta oipa a m'magazi, amene madokotala amawatcha LDL, anakwera mwa osala aja pofika kumapeto kwa chaka.

Kafukufuku wina wa ku University of Bath ku England, wa m'chaka cha 2021, anali wa masabata atatu pa anthu osanenepa. Ochepetsa chakudya tsiku ndi tsiku anataya pafupifupi mafuta okhaokha, pamene osala modumphitsa masiku, theka lokha la zimene anataya ndilo linali mafuta, zinazo unali mnofu. Mwachidule, njirayi imaondetsa ndithu, koma siposa kuchepetsa mbamu za nsima, ndipo n'njovuta kuipirira.

Pamenepa m'pamene tinakumbukira nkhani ya Swahaba Abdullah ibn Amr ibn al-As (RA), yomwe ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim. Mnyamatayu ankasala masiku onse ndi kuswali usiku wonse. Mtumiki (SAW) atamva anamuletsa, namuuza kuti thupi lake, maso ake, mkazi wake ndi alendo ake, onsewa ali ndi gawo lawo pa iye. Anamulangiza kuti azisala masiku atatu pamwezi. Abdullah anaumirira kuti ali ndi mphamvu zoposa apo, ndipo Mtumiki anamuonjezera pang'onopang'ono mpaka kufika pa kusala kwa Dawud, namuuza kuti palibe kusala kopambana kumeneko. Taonani kuti kusala kwa Dawud kunaperekedwa ngati malire kwa munthu wofuna kupyola muyeso. Sikunali poyambira pa aliyense. Ndipo Abdullah atakalamba ankalakalaka akanalandira kupepukitsa kumene Mtumiki anamupatsa poyamba paja.

Chimene akatswiri a ku Chicago anachiona pa anthu othawa aja, Mtumiki wathu anali atachenjeza kale: mtolo wabwino ndi umene ungafike nawo kumudzi.

Pali ena amene njirayi ingawaike pangozi. Mlamu wathu, bambo wa ana anayi amene amamwa mapiritsi a glibenclamide chifukwa cha shuga, anayamba kusala modumphitsa masiku atamva kwa anzake a kuntchito. Mankhwala anapitiriza kumwa monga kale. Tsiku lina itakwana Asr anayamba kunjenjemera, thukuta lili kamukamu, zolankhula zosamveka. Mwamwayi mkazi wake anali pakhomo, anamumwetsa madzi a shuga n'kuthamangira naye kuchipatala. Akanakhala pa chiwongolero mu msewu wa Presidential Way, bwenzi lero tikulemba za maliro. Mankhwala ngati amenewa komanso insulin amatsitsa shuga ngakhale m'mimba mulibe kanthu. Malangizo a madokotala kwa Asilamu odwala shuga ndi akuti shuga akatsika pansi pa 70 mg/dL munthu amasule nthawi yomweyo, ngakhale m'mwezi wa Ramadhan. Nanga kuli bwanji kusala kongodzipereka?

Choncho odwala shuga, impso kapena zilonda za m'mimba, ndi onse omwa mankhwala a BP, ayambe aonana ndi dokotala. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana amene akukula, njira yoondera imeneyi si yawo. Makolo tiyang'anenso ana athu aakazi a kusekondale: mtsikana amene akudzimana chakudya pofuna kufanana ndi zithunzi za pafoni angathe kubisala kuseri kwa Sunnah, ife n'kumamuyamikira kuti ndi wopembedza.

Yatsala nkhani ya niyyah. Ntchito iliyonse imalipidwa molingana ndi chitsimikizo cha mwini wake. Kusala ndi Ibadah ya pakati pa kapolo ndi Mbuye wake, ndipo thupi likapepukirapo ndi mphatso yoonjezera, Alhamdulillah. Koma ngati chimene chatidzutsa pa daku ndi sikelo, tidzifunse kuti njala imeneyi tikuipereka kwa yani.

Ife m'nyumba mwathu tinagwirizana zolekanitsa ziwirizi. Za Allah, timasala Lolemba ndi Lachinayi, kapena masiku a 13, 14 ndi 15 a mwezi wa Chisilamu, monga momwe thanzi latilolera. Za thupi, tinachotsa mbamu imodzi m'mbale, tinabwezera mgaiwa, nyemba ndi masamba patebulo, shuga m'tiyi tinachepetsa, ndipo tikaswali Fajr timayenda wapansi m'misewu ya mitengo ya dera lathu lino kwa theka la ola. Qur'an mu Surah Al-A'raf ndime 31 imatiloleza kudya ndi kumwa koma imaletsa kupyola muyeso, ndipo Mtumiki anatiphunzitsa kugawa mimba patatu: chakudya, madzi ndi mpweya. Lamulo limeneli ndi la masiku onse, losala ndi losasala lomwe.

Amene ali ndi thanzi ndi mphamvu zosala kusala kwa Dawud chifukwa cha Allah, Allah amulandire. Enafe tisachite manyazi kuyambira pamene Abdullah anauzidwa kuti ayambire. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Tikupempha Allah atipatse thanzi, atilandire kusala kwathu, ndipo achize odwala athu onse. Ameen.